Kusankha silabasi ya sayansi ya mwana wa pulayimale amene akuphunzira pakhomo kuno ku Harare

Kuyambira pomwe ndinamuchotsa mwana wanga wamkazi kusukulu nkuyamba kumuphunzitsa pakhomo, funso lomwe azimayi anzanga amandifunsa kwambiri tikamatuluka mu tchalitchi si la masamu kapena Chingerezi ayi, ndi la sayansi. Masamu aliyense amadziwa kuti ugula buku, mwana awerengetsera, iwe uchonga, basi. Koma sayansi anthu amaiopa, amati ine labu ndiitenga kuti, ine ndinasiyira Fomu 2 ndimuuza chani mwana, ndiye poopapo amathamangira kugula chilichonse chomwe chili ndi chikuto chokongola. Ineyo ndinachitanso chimodzimodzi ndipo ndalama yake inapita, ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino momwe nkhaniyi ilili, chifukwa siili yophweka ngati momwe ogulitsa mabuku amainenera.

Chaka choyamba mchemwali wanga amene ali kunja anatitumizira katoni ya mabuku a sayansi ochokera ku America, okongola zedi, mapepala onyezimira, zithunzi ngati zamoyo. Tinayamba bwinobwino mpaka tinafika mwezi wa Disembala, phunziro la sabata imeneyo likuti tuluka panja ukaone momwe mitengo yayoyolera masamba ndi momwe nyama zikubisalira kuzizira, utole chipale uchione pa galasi. Ife panja mvula ikukhuthuka, chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika m'mawondo, ngumbi zadzadza pa getsi la pakhonde, mwana akundiyang'ana kuti amayi nanga kuzizirako kuli kuti. Sabata inayo bukulo likuti usiku ukapeze nyenyezi ya kumpoto yotchedwa Polaris, pomwe nyenyezi imeneyo kuno ku Harare siioneka ngakhale utakwera pamwamba pa phiri la Kopje, ife tili kumwera kwa equator ndipo yathu ndi Southern Cross. Miyezo yonse ya mainchi ndi mapaundi, kutentha kwa Fahrenheit. Bukulo silinali labodza, linangolembedwera mwana amene thambo lake ndi lina. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndinaziona ndi maso.

Ndiye chinthu choyamba chimene ndimawauza anzanga nchakuti musayambe ndi funso loti buku labwino ndi liti. Yambani ndi funso loti mwanayu akadzatha pulayimale adzalowera khomo liti. Zikuoneka ngati zakutali mwana ali ndi zaka 7 koma ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa ambiri a ife sitiphunzitsa pakhomo mpaka kalekale, ena ndi chifukwa cha fizi yomwe yakwera, ena mwana amadwaladwala, ena kalasi inali ndi ana ochuluka mwana akungotsalira, ena tinayamba nthawi ya COVID sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 nkuona kuti mwana akuchita bwino kunyumba kuposa kale. Tsiku lina mwanayo adzabwerera m'sukulu, ndipo kwa ife a Chichewa okhala kuno makomo ake ndi angapo: sekondale ya boma kapena ya mishoni kuno ku Zimbabwe, sukulu ya pulayiveti yolemba Cambridge, kutsikira ku South Africa komwe abale ambiri ali, kapena kubwerera kumudzi ku Malawi.

Ngati mwana adzapite Fomu 1 kuno, ndiye kuti njira yake ndi mayeso a Giledi 7 a ZIMSEC, bungwe loyendetsa mayeso la kuno ku Zimbabwe, ndipo apa mpomwe pamafunika kusamala kwambiri chifukwa silabasi ya dziko lino yasinthasintha m'zaka zochepa. Amene tinaphunzira kuno kale tikukumbuka kuti Giledi 7 inali ndi mapepala anayi, masamu, Chingerezi, chilankhulo monga Chishona kapena Chindebele, ndi General Paper, ndipo sayansi inkatchedwa Environmental Science nkumabisala mkati mwa General Paper momwemo. Mu 2017, nduna ya maphunziro ali a Lazarus Dokora, kunabwera silabasi yatsopano ija anthu ankaidandaula kuti maphunziro achuluka, sayansi inakhala Science and Technology ndipo pambali pake panali ulimi ndi za makompyuta. Kenako mu 2021 kunabwera CALA, ntchito zija ana ankapanga kunyumba zomwe zinkatenga 30 peresenti ya malikisi, makolo tonse tikudziwa kuti ambiri amene ankapanga CALA usiku anali amayi ndi abambo osati ana. Mu 2024 boma linabweretsa Heritage-Based Curriculum ya 2024 mpaka 2030, CALA inachotsedwa nkuikapo mapulojekiti opangira kusukulu, ndipo maphunziro a pulayimale anatsitsidwa kukhala 6, Science and Technology ili momwemo ngati phunziro palokha.

Ndafotokoza mbiri yonseyi dala, chifukwa mabuku a nyengo zitatu zonsezi akugulitsidwabe limodzi. Mukayenda m'tauni pa mapevumenti paja ayala mabuku pansi, mupeza la Environmental Science lakalekale, la 2017, ndi latsopano, ena ndi mafotokope oti zithunzi zake zada bii mwana sangasiyanitse mtima ndi mapapo, wogulitsa akuuzani kuti zonse ndi Giledi 5 amayi tengani. Sayansi yake mkatimo siinasinthe kwenikweni, madzi ndi madzi, nthaka ndi nthaka, koma kasanjidwe ka mitu ndi zomwe mayeso amafunsa ndi zomwe zimasintha. Ndiye pezani kaye silabasi yeniyeniyo ya unduna wa Primary and Secondary Education, ndi chikalata chosindikizidwa chomwe chimayala mitu giledi ndi giledi, aphunzitsi ambiri ali nacho pa foni ndipo amagawana pa WhatsApp, kenako buku muligule mutaliyerekeza ndi chikalatacho. Chinanso chofunika kwambiri: mayeso a Giledi 7 mwana amalembetsa kudzera pa senta, kutanthauza sukulu yovomerezeka, ndipo malikisi a ntchito za m'kati mwa chaka amadutsanso pasukulu. Musadikire mwana afike Giledi 7 ndiye muziyamba kuthamanga, pitani ku ofesi ya maphunziro ya distirikiti yanu mwana akadali Giledi 4 kapena 5 mukafunse momwe mwana wophunzira pakhomo amalembetsera ndi zomwe akufuna kwa inu ngati kholo. Safunsa anadya phula. Kulinso Government Correspondence School ku Mount Pleasant yomwe ntchito yake ndi kuphunzitsa ana a pulayimale amene sali m'kalasi, ndi malo abwino kukafunsako musanawononge ndalama kwina.

Ubwino wa silabasi ya kuno ndi woti imakamba za zinthu zomwe mwana akuziona, kukokoloka kwa nthaka, malungo, kolera, madzi a pa mjigo, mbewu zathu, nyengo zathu. Kuipa kwake, ndinene momwe ndikuonera ine, nkwakuti mabuku ambiri amalembedwa moloza mayeso, tanthauzo la ichi ndi ichi, tchula zinthu zitatu, lemba mitundu inayi, mwana akhoza kuloweza zonse nkukhoza bwino koma osagwirapo chinthu ndi manja. Ukamaphunzitsa pakhomo ndi buku lotere ntchito yoika manja a mwana pa zinthu imatsalira iwe.

Cambridge Primary ndi imene makolo ambiri a ku ma suburb amaifuna. Inakonzedwera ana a zaka 5 mpaka 11, ili ndi magawo 6 omwe amawatcha Stage 1 mpaka Stage 6, ndipo sayansi yake anaigawa m'zigawo za zamoyo, za kemisitile, za fizikisi ndi za dziko ndi mlengalenga, kuwonjezerapo chigawo chomwe ine ndimachikonda kwambiri chophunzitsa mwana kuganiza ndi kugwira ntchito ngati wasayansi. Apa mwana amaphunzira kulosera kaye kuti chichitike nchiyani, kusintha chinthu chimodzi chokha zina zonse nkuzisiya momwemo, kuyeza, kulemba mu tebulo, kenako kunena ngati kulosera kwake kunali kolondola. Kumapeto kwa Stage 6 kuli mayeso otchedwa Checkpoint omwe amalembedwa m'sukulu zolembetsedwa ndi Cambridge, koma musapanikizike nawo, si chiphaso choti popanda icho mwana sadzalemba IGCSE, mayeso a Cambridge a ku sekondale, ntchito yake ndi kuonetsa pomwe mwana wafika. Mabuku ake amasindikiza makampani angapo, Cambridge University Press, Collins, Hodder, ndipo pa chaka chilichonse pamakhala buku la mwana, buku lolembamo ndi buku la mphunzitsi. Anthu ambiri amagula awiri oyambawo nkusiya la mphunzitsi poti ndi lodula, chonsecho kwa kholo lomwe silinaphunzire uphunzitsi limenelo ndi lomwe lili ndi mayankho, zida zofunika komanso zolakwika zomwe ana amakonda kuganiza pa mutu uliwonse. Ngati ndalama ndi yochepa bola kusiya lolembamo, mwana azilemba mu kope wamba. Dziwaninso kuti ana akalemba mu buku lolembamo ndiye kuti latha, mng'ono wake sadzaligwiritsanso ntchito, ndiye mtengo wake muuwerengere chaka ndi chaka komanso mwana ndi mwana, ndipo ndi madola a ku America omwe tonse tikudziwa momwe amavutira kupeza.

Ya ku South Africa imatchedwa CAPS. Kumeneko kuyambira Giledi R mpaka Giledi 3 sayansi siili payokha, ili mkati mwa Life Skills, ndipo kuyambira Giledi 4 mpaka 6 ndi pomwe pali Natural Sciences and Technology. Nyengo zake zimagwirizana ndi zathu, chaka chimayamba Januwale ngati kuno, miyezo ndi mamita ndi makilo, ndipo kuli makampani ngati Impaq omwe amagulitsa phukusi lonse la ophunzira pakhomo. Ngati banja lili ndi mwendo umodzi ku Johannesburg ndi yabwino, ngati ayi sindiona chifukwa choisankhira kusiya ya kuno.

Amene maso ali kumudzi, kumbukirani kuti ku Malawi pulayimale imafika Sitandade 8, mayeso ake ndi a MANEB, mabuku a boma amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo chaka cha sukulu chimayamba Seputembala pomwe kuno chimayamba Januwale. Sayansi ya kuno ndi ya kumudzi sizitalikirana kwambiri poti nthaka, mbewu ndi matenda ndi zomwezo, chomwe chimavuta mwana wobwerera ndi Chichewa cholemba osati sayansi.

Tsopano za ku America, zomwe zafala kwambiri m'magulu a homeschool ndi m'matchalitchi. Pali ACE ija ya timabuku tating'onoting'ono totchedwa ma PACE, mwana amawerenga yekha nkudzaza mayankho nkudzichonga, pali Abeka, pali Apologia, ndi zina zambiri. Makolo amazikonda chifukwa zonse zimabwera zokonzedwa kale tsiku ndi tsiku ndipo zimalemekeza Mulungu, ndipo zimenezo ine monga mkhristu ndimazimvetsa. Koma pali zinthu ziwiri zoti mudziwe musanagule. Choyamba ndi kasanjidwe. ZIMSEC ndi Cambridge zimazungulira, chaka chilichonse mwana amakhudza zomera, thupi, magetsi, madzi, nkudzabwereranso chaka chamawa mozamirapo. Pomwe mabuku a pulayimale a Apologia amatenga mutu umodzi chaka chonse, chaka chino zakuthambo zokhazokha, chaka china zomera zokhazokha. Mwana wotere amadziwa mutu wakewo mozama mosangalatsa, koma mukamubweza kusukulu ya kuno pakati pa njira mupeza kuti za nyenyezi akuposa aphunzitsi pomwe za magetsi sanazionepo. Chachiwiri ndi nkhani ya zaka za dziko. Masilabasi atatu a ku America aja, ACE, Abeka ndi Apologia, amaphunzitsa kuti dziko linalengedwa zaka masauzande ochepa zapitazo, pomwe asayansi amati dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, ndipo sayansi ya Cambridge ndi ya ku yunivesite imayenda ndi chiwerengero chimenechi. Nkhaniyi siili kutali ndi ife, Great Dyke yomwe tikukumbamo platinamu ndi chrome akuti ili ndi zaka pafupifupi 2.5 biliyoni, ndipo mafupa a dinosaur yotchedwa Mbiresaurus, yomwe inalengezedwa mu 2022 atafukula ku Mbire kumpoto kwa dziko lino, ndi a zaka pafupifupi 230 miliyoni. Ku Karonga kwathu kulinso Malawisaurus mu myuziyamu. Banja lililonse lili ndi chikhulupiriro chake ndipo sindikuuza munthu chokhulupirira, ine kwathu timapemphera m'mawa kenako timaphunzira zaka zomwe asayansi apeza ndi momwe anazipezera, ndipo mwana sanasokonezeke. Chomwe ndikukana nchoti kholo ligule osadziwa, mwana adzakumane nazo koyamba mu chipinda cha mayeso.

Mukasankha khomo, silabasi ija ingokhala ngati mafupa, mnofu wake muuika ndinu, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Mwana wa zaka 6 mpaka 11 sayansi imalowa kudzera m'manja ndi m'maso, ndiye pomwe mukuvundukula buku mu shopu musayang'ane zithunzi, yang'anani zochita zake nkudzifunsa kuti zinthu akutchulazi ndingazipeze pa tuckshop kapena ku Mbare Musika kapena m'khitchini mwanga? Ngati zochita zambiri zikufuna zida zoitanitsa kunja, kapena kanema wa pa intaneti phunziro lililonse pomwe magetsi kwanu amapita m'mawa nkubwera usiku ndipo bandulo ikutha pa sabata, silabasi imeneyo mudzaisiya pa temu yachiwiri. Ndipo chida chilichonse cha ku America cholowetsa pa soketi chenjerani nacho, kwawoko ndi mavoti 110 mpaka 120 pomwe kuno ndi 220 mpaka 240, komanso mwana wa pulayimale za magetsi aphunzire ndi mabatire a tochi basi, osati soketi, osati batire ya sola.

Ndikupatseni chitsanzo cha zomwe zinatichitikira. Buku lililonse limati madzi amawira pa madigiri 100. Ndinagula themomita ya kukhitchini, tinateleka madzi, mwana wagwira kope akudikira 100, madzi abwata mpaka nthunzi kudzadza, themomita yaima cha pa 95 siikusunthanso. Iye akuti yawonongeka, ine ndinaganizanso choncho, tinakabwereka ina kwa aneba, chimodzimodzi. Tinafufuza limodzi nkupeza kuti 100 ija ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, Harare ili pamtunda pafupifupi mamita 1,500, mpweya wotipsinja kuno ndi wochepa ndiye madzi amawira msanga asanatenthe kwambiri. Mwana anakhala chete kenako akuti ndiye chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa? Tsiku limenelo anaphunzira kuti ukayeza chinthu nkupeza zosiyana ndi buku sufufuta yankho lako, umayezanso, nkufunsa chifukwa. Palibe tsamba la buku lomwe likanamuphunzitsa zimenezo ngati momwe poto uja anachitira.

Za asidi ndi alikali tinaphunzira ndi zinthu za agogo. Amayi anga amatcheza chidulo, madzi odontha pa phulusa aja timaphikira therere, ndiye tinawiritsa chidede nkutenga madzi ake ofiira, kuthira m'matambula atatu. Ya mandimu inafiira kwambiri, ya madzi wamba inangokhala momwemo, ya chidulo inasintha kupita kobiriwira, mwana kukuwa kuitana agogo ake. Agogo anabwera nkumufotokozera momwe ankaotchera zitsononkho ndi mapesi kuti apeze phulusa labwino, ndi chifukwa chomwe chidulo chikachuluka ndiwo zimawawa. Kabichi wofiira amachitanso chimodzimodzi ngati chidede mulibe. Thobwa, lomwe anzathu kuno ali ndi lofanana nalo amati maheu, ndi phunziro lina lathunthu, chifukwa chiyani phala limatsekemera ukathira chimera pomwe sunaike shuga, chifukwa mbewu ikamamera imatulutsa zinthu zomwe zimaphwanya sitachi kukhala shuga. Silabasi yatsopano ya kuno poti dzina lake lomwe likukamba za chikhalidwe chathu, zinthu ngati zimenezi zimalowa bwino mu mapulojekiti.

Ndipo Harare yokhayi ndi labu. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mitengo ya msasa imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, funsani mwana kuti mtengo ukuwatenga kuti madzi pomwe pansi pali gwa. Okutobala majakaranda achita maluwa. Mvula yoyamba ngumbi zatuluka, agwire imodzi aone mapiko anayi ndi miyendo 6, mukumbe pang'ono pa chulu aone chiswe cha ntchito ndi asilikali ake. Ku Mukuvisi Woodlands kuli nkhalango ya miombo m'kati mwa tauni momwe mwana angaone mbidzi ndi nyamalikiti, ku National Botanic Garden kuli mitengo ya m'madera osiyanasiyana a dziko lino, ku Epworth kuli miyala yosanjikizana ija inali pa ndalama, phunziro la momwe dzuwa, mvula ndi nthawi zimadyera mwala. Ku Lake Chivero akaone namasupuni momwe watsekera madzi, yemweyo amavutitsa pa Shire kwathu, nkumufunsa kuti chomera chimenechi chikunenepa ndi chani, apo mwalowa kale mu nkhani ya zonyansa za m'tauni zomwe zimathera mu nyanja yomwe timamwa. Ana a ku Glen View ndi Budiriro nkhani ya kolera ya 2018 makolo awo akuikumbuka bwino, ndiye phunziro la kusefa ndi kuwiritsa madzi, ndi kusiyana kwa madzi ooneka oyera ndi madzi abwino kumwa, si la mayeso chabe. Ngakhale kuzima kwa magetsi ndi phunziro, madzi akatsika ku Kariba chifukwa chiyani getsi limazima ku Mufakose, malasha a ku Hwange amasanduka bwanji kuwala, sola ya padenga imatani kukachita mitambo.

Pali njira ina yomwe ena amaitsata yochokera kwa mphunzitsi wa ku England dzina lake Charlotte Mason amene anamwalira mu 1923, yoti mwana azikhala ndi kope la zachilengedwe, kutuluka panja, kuyang'anitsitsa chinthu chimodzi nkuchijambula ndi kulemba tsiku. Ineyo payokha sindingaidalire kwa mwana amene adzalembe Giledi 7 chifukwa za magetsi, maginito ndi makina sizimera m'munda, koma kuiphatikiza ndi silabasi ndi yabwino zedi ndipo siidya ndalama. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha kumeneko ndi komwe mwana akuphunzira akakhala mphindi khumi akujambula bilimankhwe.

Za pa intaneti ndinene mwachidule. PhET ya ku University of Colorado Boulder ndi yaulere, mwana amalumikiza mawaya ndi mababu pa sikirini, ndipo mukhoza kuidawuniloda pomwe muli ndi Wi-Fi nkumaigwiritsa ntchito popanda data. Stellarium imaonetsa nyenyezi za pamalo pomwe muli. Koma sikirini ibwere pambuyo pa batire yeniyeni ndi waya weniweni, osati kulowa m'malo mwake.

Nkhani ya chilankhulo ndiyofunika kwa ife. Ana athu pakhomo Chichewa, panja Chishona, buku Chingerezi. Ena amaopa kuti ukafotokoza sayansi mu Chichewa mwana adzalephera mayeso, ine ndaona zosiyana. Ndimayamba ndi Chichewa mpaka amvetse kuti madzi a mu beseni sanasowe, auluka ngati nthunzi, akandifotokozera yekha ndi mawu ake ndiye ndimamupatsa liwu la Chingerezi nkulilemba mu kope, chifukwa mayeso adzabwera mu Chingerezi ndipo mawuwo ayenera kuwadziwa ndi masipelo ake omwe. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka mu malamulo a dziko lino a 2013, palibe chochititsa manyazi kuphunzitsira mwana wako m'chilankhulo cha agogo ake. Ndipo mwana amene akudziwa kuti masuku ndi omwe anzake amati mazhanje, malambe ndi mauyu, ndiye kuti wayamba kale kuona kuti chinthu chimodzi chimakhala ndi maina ambiri, dzina la sayansi likungokhala lachitatu kapena lachinayi.

Chomaliza choti muyeze ndi inuyo eni ake, ndipo apa tinene zoona. Kodi pa sabata muli ndi maola angati? Ambiri a ife tikuphunzitsa uku tikugulitsa, uku tikusoka, uku pali khanda kumbuyo. Silabasi yofuna kuti kholo liwerenge masamba khumi usiku nkusonkhanitsa zida musanayambe ndi yabwino kwa amene ali ndi nthawi, kwa ena ndi katundu amene adzangokupatsani chikumbumtima. Kwa mwana wa Giledi 1 mpaka 3 ine ndimaona kuti kawiri pa sabata, mphindi 30 kapena 40, nzokwanira bola kamodzi mwa kawiriko agwire chinthu. Kuyambira Giledi 4 muwonjezere ndipo ayambe kulemba yekha zomwe wapeza. Musanagule chaka chonse bwerekani buku kwa mnzanu kapena pemphani mutu umodzi muuyese masabata awiri, muone ngati mwana akufunsa mafunso kapena akungoyasamula, muonenso ngati inuyo mukukwanitsa. Ife tinagwirizana mabanja atatu, Lachisanu ana onse asanu amakumana pakhomo limodzi, wina amabweretsa maginito a mu sipika yakufa, wina galasi lokulitsa zinthu, bambo wina amene amakonza mafiriji ndi amene anawaphunzitsa za mawaya, ndipo buku la mphunzitsi tinasonkherana nkugula limodzi.

Kwathu pano tinakhazikika pa silabasi ya unduna ngati msana chifukwa mwana adzalemba Giledi 7 kuno, buku limodzi la Cambridge la chaka chake timatengamo zochita ndi kaganizidwe kaja koyesa zinthu mwachilungamo, ndiye kope la panja. Mabuku a mu katoni aja sitinataye, za thupi la munthu ndi za maginito momwemo nzabwino ndipo timawerenga, za nyengo ndi nyenyezi timadumpha. Pakati pa bwalo tinazika ndodo yowongoka, Lolemba lililonse cha m'ma 12 koloko masana mwana amayeza mthunzi wake ndi tepi ya telala nkulemba kutalika ndi komwe waloza. Mu Juni mthunzi unali wautali kuloza kumwera, wakhala ukufupika sabata ndi sabata, ndipo chifukwa Harare ili pafupifupi madigiri 18 kumwera kwa equator, chapakati pa Novembala dzuwa lidzadutsa pamutu penipeni mthunzi nkusowa, kenako udzatulukira mbali ya kumpoto mpaka kumapeto kwa Januwale pomwe udzasowenso nkubwerera kumwera. Ine sindinamuuze zimenezi, mu kope mwake walemba kulosera kwake kuti mthunzi udzafupika mpaka Khirisimasi, ndipo tikudikira Novembala kuti ndodo imuyankhe.